Ati ku Chipata kulibe chotamba? Bwelani ndikuyendetseni

Imwe amene mukuwelenga tsamba lino muli mu minibasi kapena mwakhala pa benchi nthawi ya lanchi, ndiyankheni funso limodzi mosabisa. Mlendo atafika lelo pakhomo panu n'kunena kuti "nipelekeniko kotamba", mungamupeleke kuti? Musathamangile kuyankha. Ine funso limeneli linandichititsa manyazi mu Ogasiti, ndipo wondifunsayo anali mwana wa zaka 15 chabe.

Ni mphwanga, mwana wa alongo anga amene akhala ku Matero ku Lusaka. Anamutumiza kuno pa holide kuti adzaone ambuya ake. Anatsika basi ali ndi kachola kumsana, mahedifoni m'makutu, maso pa foni. Tsiku loyamba anagona. Lachiwili anakhala pakhonde kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, chala chikungoseleleka pa foni. Lachitatu anandiitana kuti ndione vidiyo: mlatho waukulu wofiila uli pamwamba pa nyanja, nkhungu ikuuphimba, anthu akudutsapo pa njinga uku akuseka. Ati ni ku San Francisco ku America, dzina la mlathowo ni Golden Gate, ndipo tsiku lina iye adzakajambulitsa pamenepo.

Kenaka anandilasa: "Manje amalume, kuno kwanu kuli chani? Ku Chipata kulibe vochita."

Ndinatsegula pakamwa, mau osatuluka. Ndinabadwila ku Kapata, sukulu ndinaphunzila momwemuno, nchito ndigwila momwemuno, koma malo amene anabwela m'mutu mwanga anali mashopu akuluakulu ndi mabala basi. Mwana wa zaka 15 sungamupeleke ku bala. Ndinangoti, "Tidzaona mailo." Usiku umenewo tulo tinavuta. Ndinakumbukila azungu amene timawaona m'tauni ali m'magalimoto atakolekela makamela m'khosi, ena ochokela ku America komweko. Iwo alipila ndeke kudzaona zinthu zimene zili kuseli kwa nyumba yathu, ine mwini dela sindinazionepo.

Kutacha ndinamuuza nzelu imodzi imene ndinaitola usiku: "Iwe, Golden Gate m'chinyanja ni chipata cha golide. Ndiye kuti naonso kumeneko ali ndi Chipata chawo. Vala nsapato, tiye ukaone chathu."

Malo amene tinayendako ni awa, ndipo manje ndiwo malo anga a pamtima.

Phili la Kanjala

Ndiulule: zaka zonsezi phili la Kanjala ndinali kungoliona ndili pansi, monga mmene umaonela denga la aneba. Tsiku limenelo ndiye ndinalikwela koyamba. Tinanyamuka 6 koloko isanakwane, kukali kamphepo ka Ogasiti, aliyense ndi botolo la madzi. Tisanafike pakati ine ndinali nditayamba kale kupuma ngati ng'ombe ya pangolo, mwana wa ku Lusaka ali kutsogolo akundiseka kuti, "Amalume, mimba iyo ichepeko."

Koma pamwamba paja, anzanga! Tauni yonse imakhala ngati yaikidwa m'mbale, mapili atazungulila mbali zonse. Uona malata akuwala m'makomboni, utsi wa mbaula ukukwela, mseu wa Great East ukulowa m'tauni n'kupitilila cha ku Malawi, anthu pa njinga ngati nyelele. Tinayamba kupikisana kuloza malo: uko ni ku Kapata, uko ku Mchini, uko ku Nabvutika. Mnyamata uja anachotsa mahedifoni koyamba chifikile.

Pomwepo ndinamuuza zimene ndinali kuziwelenga chabe pofuna kupasa mayeso. Tauni ino atsamunda anaitcha Fort Jameson, ndipo inali likulu la dziko lonse la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, pamene analiphatikiza ndi la kumadzulo. Nthawi imeneyo Lusaka sanali kanthu. Dzina lakuti Chipata linabwela titalandila ufulu, ndipo mu Febuluwale 2017 tauni inakwezedwa kukhala mzinda. Anandiyang'ana n'kuti, "Sure amalume? Kapito?" Ndinati eya, kapito.

Chimene chinandiwawa pamwamba paja ni kuona mmene mapili athu akumetedwela. Mitengo ikutha, miyala ikuphwanyidwa, nyumba zikukwela phili. Mukakwela mudzaona nokha chifukwa chake madzi a mvula amatsika mwaukali n'kulowa m'nyumba za anthu kumunsi. Kukwela kulibe malipilo, koma pitani m'mamawa, pitani muli gulu, valani nsapato zogwila, ndipo botolo lanu mutsike nalo.

Zobanduka ndi Down Shops

Titatsika, miyendo inali itakana. Ndinaimitsa zobanduka ziwili. Mwana wa ku Lusaka anayamba wakana, ati anzake akamuona pa kaliya ya njinga adzamuseka. Ndinamufunsa kuti, "Nanga aja a mu vidiyo yako anali pa chani, si njinga?" Anakwela. Pasanapite nthawi anali akujambula vidiyo, mphepo ikumuomba kumaso.

Njinga ndi Chipata ni pachibale. Akuluakulu akumbukila fakitale ya Luangwa Industries imene inali kupanga njinga za Eagle momwemuno, ndipo ngakhale ma honda achuluka masiku ano, zobanduka zikali kudyetsa mabanja. Ngati mufuna kuona tauni bwinobwino, iyi ndiyo njila yake. Pa galimoto zinthu zimakupitilila, pa njinga umamva fungo la vitumbuwa, umamva nyimbo za m'mabalabashopu, ndipo wopalasayo amakuuza nkhani zonse za m'tauni zimene wailesi sinalengeze.

Tinatsikila ku Down Shops. Ambili a ife timapitako chabe pogula simenti, feteleza kapena mayunifomu, maso ali pa mtengo wa katundu. Tsiku lina mukapite opanda chogula, mukakweze maso. Mudzaona mashopu akalekale a makhonde aatali amene mabanja a amwenye akhala akugulitsilamo kuchokela nthawi ya makolo awo, amene anayamba kufika kuno kumayambililo kwa zaka za m'ma 1900, ambili kuchokela ku Gujarat ku India. Mudzaona mzikiti waukulu umene alendo ambili amaima kuujambula. Ife tinauonela panja mwaulemu, pakuti ni nyumba ya mapemphelo. Kenaka tinalowa m'shopu ya vitenje, mnyamata anasankhila amake chimodzi. Anatenga nthawi yaitali kuposa mkazi wosankha cha kitchen party.

Msika ndi nkhani ya mbewa

Mlendo amene sanalowe mu msika wa Kapata kapena Saturday Market sanafike ku Chipata. Kumeneko ndiye kuli mtima wa tauni: milu ya nshawa za Chalimbana, kandolo, nyemba, mpunga wa ku Chama, nsomba zouma, mfutso wa nkhwani, salaula, ndi amai a pamsika amene amakuitana kuti "amuna anga" kuti chabe ugule tomato.

Atate ake a mnyamatayu ni aBemba, ndiye mudziwa kale za chimbuya. Anakula akumva kuti ife a kum'mawa timadya makoswe. Titafika pa mbale ya mbewa anabwelela m'mbuyo ngati waona njoka. Amai ogulitsawo anaseka n'kumuphunzitsa: khoswe ni wa m'nyumba, mbewa ni ya m'munda, imadya nshawa ndi chimanga, ndipo imakumbidwa nthawi ino ya chilimwe anthu atakolola. Ndinamuuza kuti akalawa imodzi, nkhani ya anyani a kwa atate ake sindidzaichulanso. Anatseka maso, analuma. Anatafuna. Anatsegula maso. "Amalume, ni monga ka nkhuku." Madzulo pa nsima anamaliza zitatu, ambuya ake akuomba m'manja.

Ku Feni, ku Mtenguleni ndi ku Mkaika

Tsiku lina tinapita ku Feni, dela la Inkosi ya Makosi Mpezeni, kumene kuli Nsingo Community Museum. Si nyumba yaikulu, koma nkhani yake ni yaikulu. Angoni anaoloka Zambezi mu Novembala 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, tsiku limene dzuwa linadetsedwa masana. Mu 1898 anamenyana ndi asilikali a Britain kuno, mikondo ndi zishango kulimbana ndi mfuti, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni amene anatsogolela nkhondoyo, anagwidwa n'kuomboledwa ndi zipolopolo. Mphwanga anakhala chete nthawi yaitali. Pobwelela anandifunsa chifukwa chake palibe filimu ya Nsingo. Ndinamuuza kuti mwina ikuyembekeza iye.

Ngati mufuna kuona Angoni ali pa ulemelelo wawo, bwelani kumapeto kwa Febuluwale ku Mtenguleni, panjila yopita ku Katete. Ndiko kumachitikila Nc'wala, mwambo wolawa zakudya zoyamba za m'munda, umene unaleka pambuyo pa nkhondo ija n'kudzayambanso mu 1980. Impi zikaponda pansi pamodzi povina ngoma, nthaka imanjenjemela mpaka m'chifuwa mwako. Ng'ombe yakuda yamphongo imalasidwa ndi mkondo, mfumu n'kulawa magazi ake. Pa TV siimveka chimodzimodzi.

Ife mwayi wathu unali wa Kulamba, pakuti umachitika Chiwelu chothela cha Ogasiti ku Mkaika ku Katete. Mafumu a Achewa ochokela ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwela kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, aliyense ndi mphatso ndi magule a kwawo. Tinaona makanja akuyenda mutu uli pamwamba pa anthu onse, anamwali akuvina, fumbi lili koboo. Gule Wamkulu ameneyu bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ni chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, pomwe ena a ife tikamuona pamseu timangothawa. Malangizo anga: nyamukani m'bandakucha chifukwa galimoto zimathinana, foni ndi ndalama sungani m'thumba lakutsogolo, ndipo gule mumupatse ulemu wake. Mukauzidwa kuti apa musajambule, musajambule.

Amene mukonda zakale kwambili, kulinso zithunzi zimene anthu akalekale anajambula pa miyala, monga ku Thandwe, ku Mkoma cha ku Katete ndi ku Kalemba ku Chadiza. Kumeneko funsani eni mudzi akupelekezeni, ndipo musakalembepo dzina la chibwenzi chanu ndi makala.

Ulendo umene unandidyela ndalama za foni

Manje ndifike pa nkhani imene yandilembetsa zonsezi. Madzulo ena tikusimba za maulendo athu, amai anga anafunsa mwakachetechete kuti, "Nanga ku nyama kuja mudzapitako?" Ndinati ku Mfuwe ni kwa azungu, n'kodula. Iwo anati, "Ine ndakalamba m'dela lomwelino, njovu ndimaionela pa TV chabe." Sanadandaule. Anangonena, n'kupitiliza kusenda nshawa zawo.

Amai apitilila zaka 70, ndipo maso awo ayamba kuchita nkhungu. Mwezi umenewo inali nthawi yanga yolandila chilimba ku nchito, ndipo ndalamazo ndinali nditazipangila kale bajeti ya foni yatsopano. Ndinagona nazo masiku awili. Foni idzakhalapo m'shopu chaka chamawa. Nanga maso a amai?

Tinapita atatu. Kuchoka ku Chipata kufika ku Mfuwe ni makilomita pafupifupi 130, mseu wa tala, ndipo pamene mukutsikila m'chigwa mumamva kutentha kukuwonjezeka. Tinagona pa kagesitihausi kochipa m'mudzi, chakudya china tinanyamula kunyumba. Chinthu choyamba chimene ndinaphunzila n'chakuti mantha anga anali opitilila. Malo ogona a azungu ni odula zoona, koma pa geti ya South Luangwa National Park mwana wa Zambia salipila mofanana ndi mlendo wakunja. Nyamulani NRC yanu. Chodula kwambili ni galimoto yoyendela m'paki ndi wokuonetsani nyama, ndipo mtengo wake umapepuka mukakhala gulu. Ife tinaphatikana ndi aphunzitsi ena amene anabwela ndi maganizo ngati athu.

Tinalowa dzuwa likutuluka. Pa mlatho wa Luangwa pomwe, tisanapite patali, mvuu zinali mbwee m'madzi, ng'wena zikuothela dzuwa pamchenga. Mphwanga anandigwila mkono n'kuti, "Amalume, uyu mlatho nawo uli bwino." Ndinangoseka.

Pakiyi ni yaikulu makilomita 9,050 m'bwalo lake lonse, ndipo inakhala national park mu 1972. Kuno ndiko Norman Carr anatchukitsa zoyenda pansi poona nyama, zimene alendo amaolokela nyanja kudzachita. Tinaona nswala, mbidzi, njati, anyani ndi nkhanga zosawelengeka. Kenaka dalaivala anazimitsa injini. Njovu zisanu zinali kudutsa mseu, kamwana kali pakati. Zinali pafupi moti tinali kumva kupuma kwake. Ndinayang'ana amai. Anali atagwila pakamwa, misozi ikutsika. Patapita kanthawi ananong'ona kuti, "Kansi n'zazikulu tele." Kenaka mlimi wa mwa iwo anadzuka: "Nanga izi zikalowa m'munda mwa munthu, chitsala n'chiyani?" Wotionetsa nyama, mwana wa komweko, anavomela kuti limenelo ndilo vuto la anthu a m'chigwa chaka ndi chaka, ndipo kukhala pafupi ndi njovu si maseŵela.

Koma imene inawatenga mtima ni nyamalikiti. Tinauzidwa kuti mtundu umenewu, wa Thornicroft, supezeka kwina kulikonse padziko koma m'chigwa cha Luangwa chokha. Chifukwa n'chachitali, amai anachiona bwinobwino popanda wowalozela. Anaitana mdzukulu wawo monga amachitila pomuseka: "Amuna anga, nijambuleni pamodzi na ichi chinyama, anthu kumudzi sadzakhulupilila." Mnyamata amene anabwela akulota zojambulitsa ku America anagwada m'galimoto kufunafuna poimila pabwino, kuti ambuya ake ndi nyamalikiti akwane m'chithunzi chimodzi.

Manje imwe

Sindikunena kuti kulota za San Francisco n'kulakwa. Mphwanga akapeza mwayi apite, akaone chipata chawo chagolidecho, ndipo adzatitumizileko zithunzi. Koma akakafika kumeneko wina adzamufunsa kuti kwanu kuli chiyani, ndipo manje ali ndi yankho. Ine amalume ake ndinalibe, mpaka mwana atandichititsa manyazi. Akuluakulu sananame kuti mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Ndidziwa zimene mukunena mumtima: ndalama zili kuti, malipilo amathela pa lendi ndi unga. Zoona. Koma tiwelengele pamodzi. Kanjala ni waulele. Msika ni waulele. Zobanduka ni ndalama ya vitumbuwa. Kulamba ndi Nc'wala ni thilansipoti chabe ndi ya chakudya. Mfuwe yokha ndiyo ifuna kukonzekela, ndipo ngati timakwanitsa chilimba cha mapoto ndi masofa, chingatikanike n'chiyani chilimba cha ulendo? Anthu khumi a pa nchito imodzi, a kwaya imodzi kapena a timu imodzi ya bola, kuponya pang'onopang'ono kuchokela Janyuwale, pofika chilimwe galimoto yapezeka. Nthawi yabwino ni imeneyo, udzu utauma ndipo nyama zikusonkhana kumtsinje.

Mnyamata anabwelela ku Lusaka masukulu atatsegula. Alongo anga anandiimbila kuti anzake a ku Matero atopa nazo nkhani za njovu ndi mbewa, ndipo wayamba kale kuvutitsa kuti mu Febuluwale abwele ku Nc'wala. Foni yanga ikali yomwe ija yosweka pakona. Maso a amai apitilila kufooka, moti chithunzi chija tinachitsukitsa chachikulu n'kuchipachika pabalaza, koma manje amachiona movutikila. Alendo akabwela amawalozela okha, n'kuyamba kusimba za khosi la nyamalikiti ngati anaiona dzulo. Ndikanadikila chaka china, kaya akanaionanso.

Zengelezu analinda kwaukwau, anzanga. Ngati muli ndi kholo, mwana kapena mnzanu amene mumamuuza kuti "tidzapita tsiku lina", muikileni deti. Ndipo Chiwelu chino, 6 koloko m'mawa, mukaona bambo wa kamimba akupumila pamwala pakati pa phili la Kanjala, mupatseni moni. Ndine.